Bowo Loyamba Anapatsa Asodzi

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzaname kuti anaona pomwe anali kumunda. Panali ine. Panali mwana wanga wachiwiri, amene amagwira ntchito yoika intaneti ku kampani ina m'tauni. Panali mlamu wanga, tcheya wa kalabu yathu ya alimi a mpunga, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Panali alembi a kalabuyo, mayi wofatsa amene amatayipa ndi zala ziwiri koma salakwitsa. Panali tcheya wa komiti ya asodzi, amene makolo ake anachoka ku Mozambiki ulendo umodzi ndi makolo anga, koma amayankhula ngati nyanja ya Chilwa anakumba ndi agogo ake. Womaliza anafika mochedwa: bwana wa mwana wanga, mayi wochepa thupi, wa magalasi. Ena onse amene masiku ano amafotokoza nkhaniyi pa doko la Kachulu ngati anali pa benchi yakutsogolo panalibepo. Anangomva phokoso.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade thuu, ndipo cholembera chimandipweteka zala kuposa chikwakwa. Koma ndaona kuti ndikapanda kulemba ndekha, nkhaniyi itsala m'kamwa mwa asodzi, anthu amene akagwira katemba kamodzi amakafika kumsika akunena za mlamba.

Pa msewu wopita ku Kachulu pali nyumba ya malata imene kale tinkasungiramo mpunga. Bungwe lina lachifundo linaikonza n'kuigawa zipinda ziwiri, ndi kakhonde pakati. Chipinda chakumtunda anapatsa ife alimi, chakunyanja anapatsa asodzi. Anthu a bungwe aja anaganiza kuti tikakhala pa denga limodzi tidzayamba kukondana. Anthu ophunzira amaganiza zinthu zokongola kwambiri.

Ife ndi asodzi sitinagwirizanepo chibadwire changa. Iwo amati ife a ku sikimu ya mpunga timamwa mtsinje wa Likangala wonse, n'chifukwa chake nyanja imathawa. Ife timati iwo amatchera miono m'ngalande zathu n'kumagumula makoma ake. Zonse ziwiri n'zoona, koma ine ndine mlimi, ndiye yoona kwambiri ndi yathu.

Bungwe lija litakonza nyumba, linabweretsa makompyuta awiri ndi mapurinta awiri, chipinda chilichonse zake. Koma sola inali imodzi, mlongoti wokokera intaneti unali umodzi, ndipo kabokosi kogawa intanetiyo kanalinso kamodzi. Pa msonkhano magulu onse awiri anapempha chinthu chimodzi, ndipo aka kanali koyamba kugwirizana: za gulu lina, gulu linzake lisazione. Ntchito yoika zimenezi inapita ku kampani ya mwana wanga, ndipo kampaniyo, itamva kuti kwawo n'konkuno, inatuma iyeyo.

Pano ndinene chimene chinali pa mtima panga, kuti mumvetse zotsatirazo. Mwanayu atamaliza koleji anakhala zaka zinayi akukonza mafoni pa kabenchi ku Songani. Anthu ankandifunsa kuti sukulu yonse ija inali yophunzira kumata magalasi a foni? Ntchito ya ku kampaniyi anaipeza movutikira, ndipo anamulemba mongoyesa kwa miyezi itatu. Iyi inali sabata yomaliza, komanso ntchito yoyamba kugwira yekha popanda womuyang'anira. Bwana wake ankabwera masana kudzaona. Zikakhala bwino, kalata ya ntchito yokhazikika. Zikapanda kutero, kabenchi ka ku Songani kanali kasanapeze mwini wina.

M'mawa tikumwa tiyi anandiuza kuti, "Bambo, mubwere mudzaone. Koma manja akhale m'thumba."

Ndinamuyankha kuti ine ndi amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, ndiye za zingwe asandiuze.

Kabokosi kaja amakatcha rauta. N'kakang'ono, sikaposa buku la nyimbo za kutchalitchi. Mwana wanga anakakhomera pa shelefu m'kakhonde kapakati muja, n'kukwera makwerero kumanga zingwe. Kumbuyo kwake kunali mabowo anayi ondandalikana, olembedwa manambala, ndi lina lapadera lolowamo chingwe chochokera ku mlongoti. Ine ndinaima pakhomo kuti aliyense wodutsa mumsewu adziwe kuti amene ali pa makwereroyo ndi mwana wa ndani. Ena sanafunse, koma ndinawauzabe.

Mlamu wanga anakasuzumira kabokosi kaja ngati akugula mbuzi yodwala.

"Ndiye zinsinsi zathu zizidutsa m'kanthu kamodzi aka ndi za awa?"

"M'kati mwake ndimanga khoma, amalume," anatero mwana wanga. "Kabokosi n'kamodzi, koma m'katimo mukhala ngati midzi iwiri, uliwonse ndi njira zake. Wa mudzi uno sangaone njira za mudzi uwo. Ngakhale purinta yanu ndi yawo ndazipatsa nambala yofanana, koma sizidziwana, monga nyumba nambala faifi ya ku Songani siidziwa nyumba nambala faifi ya ku Zomba. Chatsala n'kungonena kuti bowo liti likulowa m'mudzi uti."

Mlamu wanga atamva kuti pali zogawana, jekete anaimanga mabatani.

"Alembi, tengani pepala. Lembani pamwamba kuti mabowo a alimi. Yambani: nambala wani."

"Nafenso tili ndi pepala," anatero tcheya wa asodzi, akusanthula m'thumba momwe munatuluka mbedza ndi chingamu. "Mabowo a asodzi. Nambala wani."

"Wani watengedwa kale, atcheya."

"Watengedwa pa pepala lanu. Pa langa sanatengedwe."

Mwana wanga anaseka ali pa makwerero. Anati mkangano umenewu amaudziwa, chifukwa ku ntchito kwawo anthu a madigiri amakangana womwewo. Anati pali njira ziwiri zolembera. Mabokosi ena umalemba dzina la mudzi, pansi pake n'kundandalika mabowo ake. Mabokosi ena umalemba bowo, pansi pake n'kulemba mudzi wake. Anati anzake ena amafuna zilembedwe konse kuwiri, kuti pofufuza zisavute.

Apa ndi pamene ndinachoka pakhomo paja. Mawu anga anthu amati ndi aakulu. Si aakulu, ndi okwanira munthu amene wakhala zaka zambiri akuitana anzake kutsidya kwa minda ya mpunga.

"Konse kuwiri?" ndinatero. "Ukawauze anzakowo kuti abwere kuno ndidzawaphunzitse ulere."

Ndipo ndinawafotokozera. Ine ndinali wogawa madzi ku sikimu kuyambira mwanayu asanabadwe. Masiku amenewo buloko iliyonse ya minda inali ndi kope lake, m'mene inalembamo mageti ake a madzi. Zinkaoneka zaulemu, aliyense ndi kope lake m'khwapa. Koma panali geti lina pa malire, limene linalembedwa m'makope awiri. Awa amabwera m'mawa kudzatsegula, awo amabwera masana kudzatseka, aliyense akuloza kope lake, ndipo makope onse awiri sankanama. Anthu obatizidwa mu mpingo umodzi anatengerana makasu. Panalinso geti lina limene silinalembedwe m'kope lililonse, linawola mpaka kugwa, popanda wolifunsa. Ine amene sindinafike sitandade fili ndi amene ndinathetsa zimenezo. Ndinapempha penti wotsala pomwe tinkapaka tchalitchi, n'kuyenda geti ndi geti ndikulembapo chilembo cha buloko yake. Zilembo zokwanira ntchito imeneyo ndimazidziwa. Geti lili ndi nkhope imodzi, chilembo chimakwanapo chimodzi. Wofuna kudziwa mageti a buloko yake aziyenda m'ngalande n'kuwerenga. Makope aja amayi anayatsira mbaula.

Mwana wanga anatsika pa makwerero, n'kutsegula laputopu yake pa tebulo la alembi.

"Ndi momwemo ndithu, bambo. Bwerani muone."

Anandionetsa mizere ya zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Pamwamba analemba maina a midzi iwiri ija, alimi ndi asodzi, popanda chilichonse pansi pake. Kenako bowo lililonse linali ndi malo ake, ndipo pa malopo panali mpata umodzi wokha wolembapo mwini wake. Anayesa kulembapo maina awiri kuti tione: dzina lachiwiri linafufuta loyamba. Anayesa kulemba dzina la mudzi umene kulibe, wa ogulitsa mandasi: kabokosi kanakana. Anati ukafuna kudziwa mabowo a alimi, kabokosi kamayenda kokha bowo ndi bowo n'kukuwerengera, ndiye sipangakhale mapepala awiri otsutsana.

"Mwamva?" ndinafunsa onse, ngakhale anali pafupi moti akanamva ndikunong'ona. "Azungu apanga makina, koma nzeru zake anaba pa geti langa."

Ndinatupa ngati chule wa m'dzinja, sindikana. Ndinali ndikadali wotupa choncho pamene ndinaona zala za mwana wanga zikulemba. Bowo loyamba: asodzi. Lachiwiri: asodzi. Lachitatu ndi lachinayi: alimi. Anatenga zingwe zabuluu ziwiri, cha kompyuta ndi cha purinta ya asodzi, n'kulowetsa mu wani ndi thuu. Zachikasu, zathu, zinalowa mu fili ndi folo.

"Iwe," ndinatero, "wayamba ndi ndani?"

"Chipinda chawo chili mbali iyi, bambo, ndiye zingwe zisapingasane. Mabowo onsewa ndi ofanana."

Onse ndi ofanana. Mawu amenewa ndawamva kwa alangizi angati pa moyo wanga? Aliyense wobwera ndi nsapato zoyera amaima pa mlatho n'kunena kuti madzi afika kwa aliyense mofanana. Koma funsani mwana aliyense wobadwira ku sikimu. Geti loyamba limamwa n'kukhuta. Lachiwiri limamwa. Lachitatu limanyambita. Wa geti lomaliza amalandira thope ndi achule, n'kumapemphera kuti a kumtunda adwale malungo aiwale kutsegula. Intaneti ija inkatsika pa mlongoti, n'kulowa m'kabokosi, n'kuyamba kugawika. Ndiye munthu andiuze kuti ikafika pa bowo loyamba imadutsa mwaulemu osamwedwa, kusungira a bowo lachitatu? Ndinangoti chete, chifukwa sindinafune kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Onani kukoma mtima kwanga.

Mwana wanga anayesa zonse. Kompyuta yathu inatulutsa pepala pa purinta yathu. Ya asodzi inatulutsa pa yawo. Anayesa kuchokera kwathu kufuna purinta ya kwawo, njira panalibe. Ankapukuta manja pamene foni yake inalira. Bwana wake anali atasochera pa mphambano ina kumtunda, pomwe msewu umagawika katatu ndipo yense wofunsidwa amaloza kwake. Mwana wanga anaimitsa kabaza kuti akawalondolere.

"Ndibwera pompano. Pasapezeke wogwira kanthu."

Ananena kwa onse, koma maso anali pa ine. Mwana wobereka wekha.

Fumbi la njinga lisanathe, tcheya wa asodzi anayamba. Anaima pakhomo la chipinda chake, manja kumbuyo ngati mwini sitolo.

"Alimi, musadandaule. Tikakhuta ife a nambala wani, yotsala tizikutumizirani. Mukaona yachedwa mudzagogode, ndife anthu achifundo."

Analowa n'kutseka chitseko, akuimba mluzu.

Mlamu wanga anandiyandikira.

"Alamu, mwanayu ndi wanu ndithu? Wakula ndi mpunga wa ndani? Fizi yake inachokera m'matemba?"

"Wanena kuti n'zofanana."

"Inunso mwayamba kukhulupirira zimenezo? Inu, amene munagawa madzi zaka zonse zija? Mawa pa Kachulu azidzati mwana wa wogawa madzi anaika bambo ake ku geti lomaliza."

Alembi anakweza mutu. "Abambo, mwana wanena kuti tisagwire."

"Ife sitikugwira, mayi," ndinatero. "Tikukonza."

Ndinapita pa shelefu paja. Sindinachite zambiri, ndipo izi ndimafuna zidziwike, chifukwa asodzi amafotokoza ngati ndinang'amba nyumba yonse. Ndinazula chingwe chimodzi chabuluu pa bowo loyamba, n'kuzula chimodzi chachikasu pa lachitatu, n'kuzisinthanitsa. Basi. Zinalowa bwinobwino, n'kulira kuti tcha, ngati zinkadikira munthu wanzeru. Thuu ndi folo sindinawakhudze. Ine si wadyera, ndinangofuna geti loyamba.

Maganizo anga anali akuti chingwe chathu ndi chathu kulikonse kumene chingalowe, monga munthu akasintha benchi m'tchalitchi sasintha dzina. Inde, ine yemweyo amene theka la ola lapitalo ndinkaphunzitsa anthu kuti chilembo chimakhala pa geti. Musandikumbutse, akazi anga anandikumbutsa kale mokwanira.

Kompyuta yathu inaphethira pang'ono, kenako n'kubwerera.

"Mwaona liwiro limenelo?" ndinatero.

"Yasintha ndithu," anavomera mlamu wanga, amene kompyuta sanaigwirepo chibadwire.

"Ine sindikuona kusiyana," anatero alembi.

"Maso anu ndi a geti lachitatu, mayi, azolowera."

Mlamu wanga anati tiiyese ndi ntchito yeniyeni. M'kompyutamo munali kalata imene komiti yathu inakonza sabata ziwiri zapitazo, yopita ku bungwe lija, yopempha kuti asodzi achotsedwe m'nyumbamo. Tinali tisanaitumize chifukwa purinta inali isanalumikizidwe. Inali kalata yokoma. Inanena za fungo, inanena za matemba oyanikidwa pa khonde la ofesi, inanena za ntchentche zimene zimabwera ku misonkhano yathu mokhulupirika kuposa mamembala. Ndipo kumapeto kunali mzere umene ndinapereka ine, umene komiti yonse inaombera m'manja: wakuti tcheya wawo sanakwerepo bwato chiumire nyanja ulendo watha uja, ndipo nsomba zokha zimene amagwira masiku ano ndi za m'mbale ya akazi ake.

"Tulutsani, alembi."

Alembi anadina. Purinta yathu inangokhala phee.

"Dinaninso. Mwina ikuzolowera mphamvu yatsopano."

Anadinanso. Phee. Kachitatu ndinawauza kuti adine mwamphamvu.

Ndiye tinamva, kutsidya kwa kakhonde, kuseri kwa chitseko cha asodzi, kaphokoso kaja ka makina akamakoka pepala. Kanalira, n'kusiya. Kanaliranso. Kachitatu. Mluzu uja unaleka.

Tcheya wa asodzi amawerenga pang'onopang'ono ngati ine, ndiponso mokweza ngati ine. Tinamva kalata yathu yonse kudzera pa chitseko, liwu ndi liwu, ngati kuwerenga kwa Mawu Lamulungu m'mawa. Atafika pa ntchentche anaima kaye. Atafika pa mbale ya akazi ake anabwereza kawiri. Mlamu wanga anayamba kumasula mabatani a jekete.

Chitseko chinatseguka. Munthu uja anatuluka ndi mapepala atatu m'manja.

"Zikomo kwambiri, alimi. Imodzi ikanakwana, koma mwaganiza bwino: ina ndipatsa akazi anga, ina ndikapachika pa doko."

"Atcheya, imeneyo ndi kalata yachinsinsi ya kalabu," anatero mlamu wanga.

"Yachinsinsi? Yabwera yokha m'chipinda mwanga, katatu, osagogoda. Za mbalezi walemba ndani? Ndikumva fungo la munthu wina wa pakamwa ngati lipenga."

"Lipenga ndi ndani?" ndinafunsa, ndipo anthu a pa sitolo ya tsidya la msewu amati anamva funsolo bwinobwino.

Zimene tinauzana pambuyo pake sindilemba, chifukwa kope ili adzawerenga adzukulu. Tinafika mpaka kwa agogo athu, ndi za amene ananyamula katundu wa mnzake powoloka malire. Tili pakati pa zimenezo, galimoto inaima panja. Analowa mwana wanga akumwetulira, kumbuyo kwake mayi wa magalasi uja atanyamula faelo.

Mayiyo sanakweze mawu. Anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, kuyambira ine, zimene zinandionetsa kuti analeredwa bwino. Kenako anafunsa chimene chachitika. Tcheya wa asodzi anamupatsa pepala limodzi, n'kunena kuti latuluka pa purinta yake kuchokera pa kompyuta ya alimi. Mayi uja anawerenga mizere iwiri yokha, n'kulibweza. Kumwetulira kwa mwana wanga kunali kutapita kale.

Anatenga laputopu ya mwanayo, n'kuwerenga nyerere zija kuyambira pamwamba mpaka pansi, chala chili pa galasi.

"Zolemba zili bwino," anatero. "Wani ndi thuu asodzi, fili ndi folo alimi."

Anapita pa shelefu, n'kutembenuza kabokosi.

"Achimwene, zingwe zachikasu n'za ndani?"

"Za alimi, madamu."

"Ichi chili pati?"

"Pa wani."

"Ndiye kompyuta ya alimi ili m'mudzi wa ndani?"

"Wa asodzi."

"Yafuna purinta, yapeza ya ndani?"

Yankho linali m'manja mwa tcheya wa asodzi, makope atatu.

"Anthu awa anapempha chinthu chimodzi chokha," anatero mayi uja. "Sanapemphe liwiro, sanapemphe zokongola. Anati za uyu, uyu asazione. Tsiku loyamba lomwe, kalata yawoloka. Munayesa musanachoke?"

"Ndinayesa."

"Ndiye chingwe chayenda chokha?"

Mwana wanga anandiyang'ana kamodzi. Kamodzi kokha, mwachangu, ngati munthu woyang'ana dzuwa. Kenako anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana mlamu wanga. Mlamu wanga anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri ku denga, ndipo ankachiphunzira mwakhama. Alembi ankapukuta kiyibodi imene inali yoyera kale.

"Mwina ndinasokoneza pomaliza, madamu," anatero mwana wanga. "Ndinkathamangira kukakutengani. Ndalakwitsa ndine."

Mayi uja anagwedeza mutu, n'kutsegula faelo. Munali fomu ya mizere yambiri, dzina la mwana wanga lili pamwamba. Dzina limenelo ndimatha kuliwerenga ngakhale litazondoka, ndinalisankha ndine. Anachotsa chivindikiro cha cholembera.

Ndikanatha kukhala chete. Tcheya wa asodzi sanaone kanthu, anali atadzitsekera. Mlamu wanga sakanaulula, chifukwa akanadziulula yekha. Alembi si munthu wolowerera. Ndikanatuluka m'nyumbamo ndidakali munthu amene anathetsa nkhondo ya mageti, amene azungu anamubera nzeru. Ndinaziganiza zimenezo, ndipo sizinali zoipa kuziganiza. Koma ndinaonanso kabenchi ka ku Songani, ndi kaambulera kake kong'ambika.

"Mayi, bwezerani chivindikirocho!"

Cholembera chinagwa pansi. Sindinafune kumudzidzimutsa, ndi mmene ndimayankhulira.

"Chingwe chasunthidwa ndi ine. Ndi manja awa. Mwanayu anasiya zonse zili m'malo mwake, anayesa ife tikuona, ndipo anatiuza kuti tisagwire. Akunama kuti ateteze bambo ake, ndipo bodza limenelo sanaphunzire kwa ine."

"Eee!" anatero tcheya wa asodzi. "Injiniya wamkulu!"

"Inu khalani chete, kalata yanu mwalandira kale."

Mayi uja anatola cholembera chake. "Munasunthiranji, bambo?"

Ndinamufotokozera za geti loyamba ndi geti lomaliza, za thope ndi achule. Ndinafotokoza bwino, chifukwa nkhaniyo ndimaidziwa. Tcheya wa asodzi anaseka mpaka anakhala pansi pa simenti. Mayi uja sanaseke. Anati kwawonso amalima m'dimba, ndipo za madzi ndikunena zoona. Koma anati m'kabokosi mulibe kumtunda ndi kumunsi. Anabwezera zingwe m'malo mwake, n'kuyesa liwiro pa kompyuta ya asodzi ndi pa yathu, n'kundionetsa manambala. Anali ofanana. Ndinavomera kuti tsiku limenelo anali ofanana.

Kenako anatembenukira kwa mwana wanga.

"Zolemba zanu zilibe vuto. Mabowo mwawagawa bwino. Koma mwasiya kabokosi pa shelefu, m'khonde lodutsa aliyense, pakati pa anthu amene munawamva ndi makutu anu akulimbirana nambala wani. Khoma mwamanga m'kati, kunja mwasiya pululu. M'galimoto muli kabati yachitsulo ya loko, katengeni. Mukatero muuze bowo lililonse kuti lizilandira kompyuta yake yokha, yachilendo lizikana. Ndipo tsiku lina ndikadzakufunsani chimene chachitika, mudzandiuze chimene chachitika."

"Ndamva, madamu."

Anagwira ntchito imeneyo ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, ine nditakhala panja pa njerwa pomwe anandiuza kuti ndikhale. Kiyi wa kabati mayi uja anapatsa alembi athu, pamaso pa matcheya awiri ndi ine. Palibe anatsutsa. Fomu ija analemba ali m'galimoto, chitseko chotseka, ndipo anaitana mwana wanga yekha. Ndinayesa kuwerenga nkhope yake kudzera pa galasi, koma fumbi la msewu wathu simulidziwa inu.

Kalata ija sinapitenso ku bungwe. Asodzi akadali m'chipinda chawo, matemba akadali pa khonde, ndipo pepala limodzi mwa atatu aja lili pa khoma lawo, analimata ndi phala. Ndikamadutsa pa Kachulu anyamata a pa minibasi amakuwa kuti injiniya akwere kutsogolo, pa mpando nambala wani. Ndimakwera. Mpando wakutsogolo ndi wabwino, ngakhale iwo amaganiza kuti akundinyoza. Mlamu wanga mpaka lero amauza anthu kuti iye anandiletsa.

Tsiku lija, galimoto itapita, ine ndi mwana wanga tinayenda wapansi kubwerera kunyumba, m'mbali mwa ngalande yaikulu. Ndinamunyamulira chikwama cha zida, iye sanakane. Tinadutsa minda itatu. Ine kukhala chete sindikutha, ndiye ndinayamba kunena kuti mayi uja ndi wanzeru ndithu, ngakhale za liwiro zija tiyenera kudzayesanso nthawi ya dzinja. Iye anaima, n'kunditenga chikwama chija.

"Kalata ya ntchito adzandipatsa Lolemba, bambo. Koma pamene munkakuwa paja, ine n'kuti nditavomera kale mlandu. Mukanangoyang'ana ku denga ngati amalume, ntchito ikanandithera, ndipo sindikanakufunsani kanthu mpaka kalekale. Musadzandiikenso poti ndisankhe pakati pa inu ndi ntchito, chifukwa mwaona lero chimene ndimasankha."